Musanasaine Pepala la Opaleshoni

Mayi, ngati mwezi uliwonse pamakhala masiku awiri kapena atatu amene mumakolopa nyumba ya abwana mutaluma mano, kapena mumathyola mphesa ndi malalanje mutapindika chifukwa cha ululu wa pachinena, nkhani ino ndi yanu. Mwina mumamwa mapiritsi awiri m'bandakucha musanakwere takisi, masana n'kumwanso ena mobisa kuti madamu kapena kapitawo asaone. Mwina mudapitapo ku kiliniki kangapo, ndipo ulendo uliwonse mudabwerako ndi yankho limodzimodzi, lakuti ndi cham'mimba chabe, akazi onse amamva choncho. Mwinanso tsopano mwafika kwa dokotala wa matenda a amayi, watchula dzina lachilendo lakuti endometriosis, ndipo akuti akufuna kukuonani m'kati mwa mimba ndi kamera. Mtima uli m'mwamba. Munthuyo sayankhula chinenero chanu, dzikolo si lanu, ndipo akupempha kuti mugonekedwe tulo iye akugwira ntchito m'thupi mwanu. Muvomere kodi?

Maganizo anga ndi akuti dokotala muyenera kumukhulupirira, chifukwa matendawa simungathane nawo panokha, ndipo palibe mankhwala a pamsika kapena a m'botolo la asing'anga amene angaone zimene zili kuseri kwa chiberekero. Koma kukhulupirira kumene ndikunena pano si kuja tidaphunzitsidwa tili ana, kogwada, kuyang'ana pansi n'kumangoti "inde" pa chilichonse chimene wamkulu wanena. Ndikunena kukhulupirirana kwa anthu awiri amene agwirizana pa ntchito imodzi. Inu mumuuze zoona zonse za thupi lanu, iye akufotokozereni zoona zonse za chimene akufuna kuchita, ndipo pepala musaine mutamvetsa.

Matendawa ndi otani?

M'kati mwa chiberekero muli kachikopa kofewa kamene kamakhuthala mwezi uliwonse pokonzekera mimba. Mimba ikapanda kubwera, kachikopako kamayoyoka n'kutuluka monga msambo. Mayi akakhala ndi endometriosis, minofu yofanana ndi kachikopa kameneka imamera kunja kwa chiberekero. Imapezeka pa matumba a mazira, pa machubu, pa khoma la m'kati mwa chinena, kuseri kwa chiberekero, ndipo nthawi zina pa matumbo ndi pa chikhodzodzo. Minofuyi imamvera mahomoni a mwezi, koma ilibe potulukira. Motero malowo amatupa, amapanga zipsera, ndipo ziwalo zimene zimayenera kukhala zomasuka zimamatirirana. Pa thumba la mazira pangathenso kupangika chotupa chodzaza magazi akale, okhuthala ngati chokoleti yosungunuka.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa amayi ndi atsikana 10 aliwonse a msinkhu wobereka, pafupifupi mmodzi ali ndi matendawa, ndipo onse pamodzi amakwana pafupifupi 190 miliyoni. Tinene kuti m'takisi ya anthu 15 yodzaza amayi opita kuntchito, n'kutheka kuti mmodzi kapena awiri akhala pampando akupirira chinthu chomwechi. Zizindikiro zake ndi ululu waukulu pa nthawi ya msambo, ululu wa pachinena ndi m'chiuno wosatha ngakhale msambo utadutsa, kupweteka pokhala malo amodzi ndi abambo, kupweteka pochita chimbudzi kapena pokodza makamaka m'masiku a msambo, kutupa mimba, nseru, kutopa, ndipo kwa ena kuvutika kutenga pakati.

Mu 1927 dokotala wa ku America, John Sampson, adafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu n'kukagwera m'kati mwa chinena. Masiku ano akatswiri amati zimenezi zimachitikira amayi ambiri, koma si onse amene amadwala, choncho chitetezo cha m'thupi ndi za kumtundu zimatengapo mbali. Ngati amayi anu kapena achemwali anu ankavutika chimodzimodzi, n'chinthu choyenera kumuuza dokotala. Matendawa si opatsirana, sabwera chifukwa cha chiwerewere, si chilango, ndipo palibe amene adakumangani kumudzi.

Chifukwa chake madandaulo anu sadamveke msanga

Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti amayi ambiri amatha zaka 7 kapena kupitirira akuyendera zipatala matendawa asanatchulidwe dzina. Kwa mayi wakuda njirayo idatalikitsidwanso ndi mbiri ya zachipatala yomwe. Mu 1938 dokotala wotchuka wa ku Boston, Joe Vincent Meigs, adalemba kuti matendawa amakonda amayi opeza bwino amene amachedwa kukwatiwa ndi kubereka. Maganizo amenewa adalowa m'mabuku, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti endometriosis ndi ya akazi achizungu olemera. Mayi wakuda akabwera ndi ululu womwewo, ankangomuganizira matenda opatsirana pogonana. Mu 1976 dokotala wakuda wa ku Chicago, Donald Chatman, adayang'ana ndi kamera m'mimba mwa odwala ake akuda n'kupeza matendawa mwa ambiri, ena mwa iwo atapatsidwa kale mankhwala a matenda amene analibe.

Choncho ngati mudapatsidwapo mankhwala opha tizilombo katatu kapena kanayi, ululu osasintha, mwinanso pakhomo padabuka mkangano wakuti ndani wabweretsa matenda m'nyumba, dziwani kuti zoterezi zidachitikira amayi ambiri inu musanabadwe. Si kuti anesi amene adakuonani anali ndi nkhanza. Kiliniki imene ili ndi mzere wofika kumsewu imapatsa munthu mphindi zochepa, ndipo m'mphindi zochepazo amayamba ndi matenda amene amawaona tsiku ndi tsiku. Koma zotsatira zake n'zakuti mayi amatopa, amaleka kufotokoza, n'kuyamba kukayika ngati ululu wake uli weniweni.

Palinso mantha ena amene sitiyenera kuwaseka. Ambiri mudamva kuti mayi akagonekedwa tulo kuchipatala amadzuka atatsekedwa kapena atachotsedwa chiberekero. Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Mu 2014 khoti lalikulu kwambiri ku Namibia lidagamula kuti amayi atatu omwe anali ndi kachilombo ka HIV adatsekedwa m'zipatala za boma popanda chilolezo chenicheni. Mu February 2020 bungwe la Commission for Gender Equality ku South Africa lidatulutsa lipoti la madandaulo a amayi 48, ambiri mwa iwo omwe ali ndi kachilomboka, amene adati adatsekedwa mokakamizidwa kapena osadziwa, ena atasainitsidwa mapepala ali m'kati mwa ululu wa kubereka. Zimenezi zidachitikadi. Phunziro lake si lakuti tithawe chipatala, chifukwa othawa amangotsala ndi ululu wawo. Phunziro lake n'lakuti siginecha ya munthu amene sadamvetse si chilolezo, ndipo makhoti adavomereza mfundo imeneyi.

Zimene zimachitika pa opaleshoni ya kamera

Madokotala amaitcha laparoscopy. Musanalowe mumauzidwa kuti musadye kwa maola angapo, ndipo lamuloli ndi loteteza moyo wanu, chifukwa chakudya chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo muli mtulo. Mukagonekedwa, dokotala amacheka pang'ono pamchombo, pafupifupi sentimita imodzi, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti khoma la mimba litukuke ndipo ziwalo zioneke bwino. Kenaka amalowetsa kachitsulo kowonda kokhala ndi nyali ndi kamera, ndipo zonse za m'kati zimaoneka pa sikirini. Amaboolanso timabowo tina tiwiri kapena titatu m'munsi mwa mimba, moti n'kulowetsa zida zogwirira ntchito.

Akapeza minofu ya endometriosis, amatha kuidula n'kuichotsa kapena kuiwotcha, amamasula ziwalo zomatirirana, ndipo amachotsa zotupa za pa matumba a mazira. Kachidutswa ka zimene achotsazo kamatumizidwa ku labotale kuti akatsimikize matendawo. Pomaliza amatulutsa mpweya uja n'kusoka timabalato. Amayi ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musadabwe mukamva kupweteka paphewa kwa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa ndi mpweya wotsalira umene umakwiyitsa mtsempha wa pansi pa mapapo. Poyerekeza ndi opaleshoni yong'amba mimba, mabala ake ndi aang'ono, ululu ndi wocheperapo, ndipo munthu amachira msanga.

Komabe opaleshoni ndi opaleshoni. Mwa apo ndi apo pamachitika ngozi monga kutaya magazi, bala kulowa tizilombo, kapena kuvulala kwa matumbo, chikhodzodzo kapena kanjira kotenga mkodzo kuchokera ku impso. Nthawi zina dokotala amakakamizika kusintha n'kung'amba mimba. Kuchotsa chotupa pa thumba la mazira kukhoza kuchepetsa mazira otsala, ndipo mfundo imeneyi ndi yaikulu kwa mayi amene akufunabe ana. Mukabwerera kunyumba n'kuyamba kutentha thupi, kusanza kosalekeza, mimba kutupa ndi kupweteka mowonjezereka, bala kutuluka mafinya, mwendo umodzi kutupa kapena kubanika, musadikire tsiku lanu lopuma. Bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.

Zimene opaleshoniyi singachite

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, chifukwa amalowa akuganiza kuti atuluka atachiriratu. Mpaka lero palibe mankhwala kapena opaleshoni yothetseratu endometriosis. Opaleshoni imachepetsa ululu kwa amayi ambiri, ndipo kwa ena imathandiza kuti atenge pakati, koma matendawa amatha kubwerera pakapita zaka. N'chifukwa chake madokotala amalangiza mayi amene sakufuna mimba panthawiyo kuti apitirize mankhwala a mahomoni akachira. Kuchotsa chiberekero nakonso si chitsimikizo chakuti ululu utha, popeza minofu yovutitsayo ili kunja kwa chiberekerocho. Ndipo malangizo aja a azakhali akuti "ungobereka, zitha zokha" si oona. Mimba imatha kuziziritsa ululu kwa kanthawi, koma si mankhwala.

Dziwaninso kuti opaleshoni si khomo loyamba. Kale anthu ankati matendawa sangadziwike popanda kamera. Mu 2022 bungwe la akatswiri a za ubereki ku Ulaya la ESHRE lidasintha malangizo ake, n'kunena kuti dokotala angathe kuyamba ndi kumvetsera mbiri ya wodwala, kumuyeza, kumujambula sikani, ndi kuyamba chithandizo cha mankhwala popanda kudikira opaleshoni. Kamera imabwera pamene sikani sidaonetse kanthu koma mankhwala sakuthandiza, kapena pamene pali chinthu chofunika kuchotsedwa. Sikani ikatuluka yoyera sizitanthauza kuti mulibe matendawa, chifukwa timinofu tating'ono ta pa khoma la chinena kawirikawiri sitioneka pa sikani.

Mankhwala amene amayambira ndi ochepetsa ululu monga ibuprofen kapena naproxen, pamodzi ndi a mahomoni: mapiritsi olera, jakisoni wa miyezi itatu, kachipangizo ka pamkono, lupu ya mahomoni, kapena mapiritsi a dienogest. Nesi akakupatsani mapiritsi olera pamene inu mwadandaula za ululu, musaganize kuti sadakumveni kapena akufuna kukuletsani kubereka. Mahomoniwo amagonetsa minofu ija kuti isamatupe mwezi uliwonse. Koma ngati mukufuna mimba tsopano, nenani poyera, chifukwa njira yake imasintha. Ndipo samalani ndi chizolowezi chomeza ibuprofen kapena maufa a Grand-Pa tsiku lililonse m'mimba mulibe kanthu. Mankhwala oterewa akachuluka amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amatopetsa impso, makamaka kwa munthu wogwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira.

Ululu wa pachinena ulinso ndi magwero ena, ndipo dokotala wabwino amawaganizira onse. Pali zotupa za m'chiberekero, zimene zimapezeka kwambiri mwa amayi akuda. Pali matenda a m'machubu, matenda a chikhodzodzo ndi a matumbo, chifuwa chachikulu chimene chimatha kugwira ziwalo zoberekera, komanso khansa ya khomo la chiberekero, imene mayi aliyense ayenera kuyezetsa. Kwa inu amene mudakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'chigwa cha Shire, cha Luangwa kapena cha Zambezi, muuzeni dokotala kuti munkasamba ndi kuchapa m'madzi amenewo. Likodzo limatha kukhazikika m'ziwalo zoberekera n'kumapweteka kwa zaka, ndipo dokotala wa mumzinda sangaliganizire inu mutapanda kutchula kumene mudachokera. Ndipo ngati mwadumphitsa msambo, kenaka mwamva ululu woopsa mwadzidzidzi mbali imodzi ndi chizungulire, thamangirani kuchipatala, chifukwa ikhoza kukhala mimba yokhala m'chubu, imene imapha msanga.

Dokotala woyenera kumukhulupirira

Mudzamudziwa ndi zochita zake. Amakusiyani kuti mumalize kufotokoza. Amafunsa ngati ululu umakulepheretsani ntchito, ngati mukufuna ana, ndi zimene mudayesapo kale. Amakuuzani njira zingapo, osati imodzi. Amatchula zoopsa za opaleshoni inu musanafunse. Salonjeza kuti muchiriratu. Ndipo akaona kuti matenda alowa kwambiri m'matumbo kapena m'chikhodzodzo, savutika kuvomera kuti ntchitoyo ikufuna gulu la akatswiri pa chipatala chachikulu. Dokotala amene akunena kuti "apa pakufunika anzanga odziwa kuposa ine" ndi amene mungagone tulo m'manja mwake.

Musanasaine, funsani mafunso anu mwaulemu koma osasiyako ena. Adokotala, mukuganiza kuti mukapeza chiyani? Mukapeza matendawa, muchotsa tsiku lomwelo kapena mungoyang'ana? Kodi pali chiwalo chimene mwina mungachotse, monga chubu, thumba la mazira kapena chiberekero? Zimenezi zikhudza bwanji kubereka kwanga? Ndikakana kapena ndikadikira, chingachitike n'chiyani? Achite opaleshoniyo ndinu kapena wina? Ndidzapuma masiku angati? Ndilipira zingati, ndipo mungandilembere? Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ngati simukufuna kuti chiwalo china chichotsedwe, nenani, ndipo pemphani kuti zilembedwe pa pepala la chilolezo lomwelo. Pokhapokha moyo wanu utakhala pangozi muli mtulo, dokotala sayenera kupitirira malire amene mudagwirizana.

Mafunso amenewa si mwano, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Ku South Africa, kumene ambiri mwa inu mukugwira ntchito, ndime 27 ya malamulo aakulu a dziko imati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, kuphatikizapo cha ubereki, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Mawu ake ndi akuti aliyense, osati nzika zokha. Lamulo la National Health Act la 2003, pa ndime 6, limalamula wachipatala kukuuzani za matenda anu, njira zothandizira zimene zilipo, ubwino, zoopsa ndi mtengo wake, komanso ufulu wanu wokana, ndipo limati ngati n'kotheka achite zimenezi m'chinenero chimene mukumva. Lamulo lomweli limateteza chinsinsi cha matenda anu ndipo limati mupatsidwe lipoti potuluka m'chipatala. Lamulo la Sterilisation Act la 1998 limaletsa kutseka munthu wamkulu popanda chilolezo chake cholembedwa. Chikalata cha ufulu wa odwala m'dzikomo chimakulolaninso kupempha kuti mukaonedwe ndi dokotala wachiwiri. Inu amene muli ku Zimbabwe, Botswana, Namibia, Zambia kapena Mozambique, malamulo ndi malipiro zimasiyana, koma mfundo yakuti opaleshoni imafuna chilolezo cha munthu amene wamvetsa ndi mwambo wa udokotala kulikonse.

Wina anena kuti zolembedwa n'zokoma, koma pakhomo pa chipatala si momwemo. Mlendo akachulutsa mafunso amabwezedwa kumapeto kwa mzere, ena amaitanitsidwa ziphaso ndi anthu amene si a boma n'komwe, ndipo mndandanda wodikira opaleshoni m'zipatala za boma ndi wautali. Sindikutsutsa. Nkhani yotsekereza alendo pa zipata za zipatala idafika mpaka kukhoti, ndipo mu November 2025 khoti lalikulu ku Johannesburg lidaletsa gulu la Operation Dudula kuchita zimenezi. Chigamulo sichisintha mitima tsiku limodzi. Koma taganizani bwino: amene amavulala kwambiri m'dongosolo lopanikizika chonchi ndi munthu wachete, amene fayilo yake ikasowa palibe chimene watsala nacho m'manja. Mayi amene wabwera ndi mapepala ake, mafunso ake olembedwa ndi mnzake womuperekeza, amathandiza ngakhale dokotala wotopayo kuti agwire ntchito yake bwino m'mphindi zochepa zimene ali nazo. Mukachitiridwa nkhanza, chipatala chilichonse cha boma chili ndi njira yolandirira madandaulo, ndipo pamwamba pake pali ofesi ya Health Ombud ndi bungwe la HPCSA loyang'anira khalidwe la madokotala.

Mbali yanu pa mgwirizanowu

Kukhulupirirana kuli ndi mbali ziwiri, ndipo inunso muli ndi yanu. Gulani kakope, kapena lembani m'foni, kwa miyezi itatu: tsiku limene msambo wayamba, masiku amene ululu unalipo, kukula kwake kuyambira 1 mpaka 10, mapiritsi amene mudamwa, ndi masiku amene mudalephera ntchito. Mawu akuti "m'mimba mumandipweteka" dokotala amawamva maulendo ambiri patsiku. Mawu akuti "miyezi itatu yapitayi ndajomba masiku 7, ndipo pochita chimbudzi pa msambo ndimalira" amamuimitsa n'kumuganizitsa.

Musabise kanthu chifukwa cha manyazi. Tidaleredwa kuti za kuchipinda sizinenedwa kwa mlendo, koma kupweteka pogonana ndi chizindikiro chimene chimamuuza dokotala pamene matenda ali. Muuzeni ngati mukumwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga, ngati mudapitapo padera kapena kuchotsa mimba, ngati mudachitidwapo opaleshoni ina, ndiponso ngati mukumwa mankhwala azitsamba, chifukwa ena amasokoneza kuundana kwa magazi kapena mankhwala ogonetsa. Ngati Chingerezi, Chizulu kapena Chiafrikaans chikukuvutani, pemphani womasulira kapena pitani ndi mayi mnzanu amene mumamudalira. Musatume mwana wanu kuti amasulire nkhani zotere, ndipo ganizani kawiri musanalole abwana kulowa nanu m'chipinda cha dokotala, ngakhale ali okoma mtima, popeza iwonso ali ndi zofuna zawo pa tsiku limene mubwerere kuntchito. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Pemphani dokotala akujambulireni papepala zimene akufuna kuchita, kenaka mubwereze m'mawu anuanu kuti aone ngati mwamva.

Tsatani njira yake ya chipatala. M'zipatala za boma mumayambira ku kiliniki, imene imakulemberani kalata yopita ku chipatala cha m'dera, ndipo kumeneko ndi kumene amatumiza odwala ku zipatala zazikulu monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto, Steve Biko ku Pretoria, kapena Groote Schuur ndi Tygerberg ku Cape Town. Kudumphadumpha makiliniki kumachititsa kuti ulendo uliwonse muziyambiranso pachiyambi. Sungani kalata iliyonse, zotsatira za sikani, lipoti la opaleshoni ndi la ku labotale, ndipo muzijambule pa foni. Ntchito ya m'mafamu imatha ndi nyengo, ndipo ya m'nyumba imatha abwana akasamuka. Tsiku lina mudzapezeka m'tawuni ina, kapena kwanu pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, cha Kamuzu Central ku Lilongwe kapena cha UTH ku Lusaka. Dokotala wa kumeneko sangadziwe zimene anzake adaona m'mimba mwanu pokhapokha mutamuonetsa pepala.

Ntchito ndi masiku ochira

Chimene chimalepheretsa amayi ambiri kuvomera opaleshoni si mpeni ayi, koma kuopa kupeza wina atalowa m'malo mwawo. Ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997, pamodzi ndi malamulo apadera a ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mafamu, limapereka masiku odwala olipidwa. Pa miyezi 36 iliyonse muli ndi masiku ofanana ndi amene mumagwira m'masabata 6, kutanthauza masiku 30 kwa wogwira masiku 5 pa sabata, ndi 36 kwa wogwira masiku 6. M'miyezi 6 yoyamba pa ntchito mumapeza tsiku limodzi pa masiku 26 aliwonse amene mwagwira. Mukajomba masiku opitirira awiri otsatizana, abwana ali ndi ufulu woitanitsa kalata ya dokotala, koma kalatayo siyenera kutchula dzina la matenda anu inu musanalole. Ngati adakulembetsani ku UIF, funsani za ndalama za odwala. Mukachotsedwa ntchito chifukwa chopita ku opaleshoni, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo mu 2008 khoti la za ntchito, pa mlandu wa Discovery Health, lidagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chidatha amawerengedwabe monga wantchito pamaso pa lamulo.

Nkhanga zidapangana kusanache. Mukangolandira tsiku la opaleshoni, auzeni abwana ndipo muwalembere pa WhatsApp kuti umboni utsale. Konzani wokutengani kuchipatala ndi wogona nanu usiku woyamba. Koposa zonse, mufotokozereni dokotala ntchito yanu yeniyeni. Akamva kuti "ndimagwira ntchito," angaganize za munthu wokhala pa desiki, amene amabwerera patapita masiku ochepa. Muuzeni kuti mumanyamula ndowa za madzi, mumabereka mwana wa abwana, mumatembenuza gogo wodwala pabedi, kapena mumasenza makreti ndi kukwera makwerero m'munda wa zipatso. Pamene achotsa minofu yambiri, kuchira kumatenga masabata awiri kapena kupitirira, ndipo kunyamula zolemera kumafuna nthawi yowonjezera. Masiku a pa kalata yanu alembedwe molingana ndi ntchito imene mukubwererako.

Mayi, mudachoka kwanu kuti ana aphunzire, nyumba ifoleredwe malata, ndi makolo asagone ndi njala, ndipo zonsezi zatsamira pa thupi lanu limodzi lomwelo. Ululu umene umakugwetsani mwezi ndi mwezi si msonkho wa ukazi umene muyenera kulipira mpaka msambo udzasiye. Pitani ku kiliniki ndi kakope kanu, tchulani dzina la matendawa, ndipo funsani ngati angakhale amenewa. Akakupatsani mankhwala, amweni monga mwauzidwa, ndipo akapanda kuthandiza pakatha miyezi ingapo, bwererani mukapemphe kalata yopita kwa dokotala wa matenda a amayi. Tsiku limene adzakuikirani pepala la opaleshoni patsogolo, musafulumire kugwira cholembera. Funsani mpaka mumvetse chimene akachite, chimene sakachita, ndi chimene chidzatsatire. Akakuyankhani momveka ndi moona, sainani ndi mtima wokhazikika, chifukwa dokotala wotero ndi woyenera kumukhulupirira.